Kulira Bambo Ali Moyo

Ku ofesi ya bungwe lina la alimi a mpunga pa Boma la Karonga kunali kagulu koteteza makompyuta ndi mafoni a bungwe kwa akuba a pa intaneti. Wotsogolera anali Ireen, mayi wosachulutsa mawu. Mwezi uliwonse ankatumiza uthenga wabodza ku mafoni a antchito onse, ngati msampha woyesera, kuti aone amene angadine linki osaganiza. Wodinayo sankalangidwa, ankangomuphunzitsa.

Koma anthu anali atachenjera. Za kuwina njinga yamoto ankangoseka, za ntchito ku Tanzania ankafufuta osamaliza n'kuwerenga komwe. Jeffrey, katswiri wa makompyuta amene anali atangolembedwa kumene, zinamutopetsa.

"Madamu, anthuwa atizolowera. Ndapeza nyambo yoti aliyense ameze."

Ireen anali kalikiliki ndi kompyuta ya abwana yomwe inkakana kuyaka. "Tumiza," anatero osatembenuka.

Uthengawo unati a Mwakikunga a ku Lupembe amwalira m'mawa, dinani apa muone dongosolo la maliro. Dzinalo Jeffrey anangolitola m'mutu. Sankadziwa kuti Bertha, kalaliki wa ku nthambi ya Uliwa, ku ntchito ankadziwika ndi dzina la mwamuna wake, koma kwawo ndi mwana wa a Mwakikunga, ndipo mkuluyo anali atangochira malungo.

Bertha sanadine chilichonse. Anayesa foni ya bambo ake, yosapezeka. Anakhoma chitseko, kubereka mwana, n'kukwera minibasi. Potsika pa Lupembe anali akulira kale. Kuno uthenga wa maliro safunsa kawiri, ndiye amayi amene ankayanika mpunga anausiyira nkhuku n'kumulondola akubuma. Anafika pakhomo ali chigulu, n'kupeza mkuluyo ali pansi pa mtengo wa mango, akusema goli la ng'ombe.

M'mawa mwake abwana anaitana Ireen.

"Bertha akuti sabwerera ku ntchito mpaka wochita izi achoke. Ine sindingataye Bertha. Mnyamata wanuyo alongedze."

"Amene anati tumiza ndine, bwana. Sindinawerenge. Ndipatseni lero lokha. Bertha akapanda kusintha, mudzachite zimene mwanenazo."

Ireen anagula tambala wopepesera pamsika n'kukwera minibasi ya ku Lupembe, Jeffrey atamufungatira ngati khanda. Ali m'njira, mnyamatayo analephera kupirira.

"Komatu madamu, msampha unagwira. Anadina ambiri."

"Kodi tinalembedwa kuti tizigwira anthu, kapena kuti akakayikira chinthu azitiimbira?"

Jeffrey anayang'ana tambala.

"Lero pa gulupu ya antchito ya pafoni ndapereka moni, palibe wayankha," anatero Ireen. "Mawa wakuba weniweni akalowa, atiuza ndani?"

Anawapeza a Mwakikunga pamalo pomwe paja. Mkuluyo anawalonjera m'Chinkhonde, kenako ataona kuti Jeffrey wangoti kukamwa yasa, anatembenukira ku Chichewa.

"Ndi ameneyu anandipha dzulo? Ine ndimayesa chimunthu cha ndevu, kani ndi ndodo yothyolera mango!"

Anaseka okha. Bertha anatuluka m'nyumba, mwana ali kumsana, n'kuima chapatali. Ireen anakhala pa mkeka, n'kufotokoza zonse mmene zinayendera, osabisa mbali yake.

"Alongo, pepani," anatero Jeffrey. "Kungoti akuba enieni nawonso amatumiza za maliro, ndiye ine ndimafuna..."

"Wakuba sindimudziwa," Bertha anamudula. "Iwe ndimakupatsa moni. Unabwera ku Uliwa kudzakonza kompyuta, ndinakuphikira mbalagha, nthochi za nyama zija. Mwanayu dzulo sanayamwe, mkaka unathawa ndi mantha. Ukanati ndawina firiji ndikanaseka. Koma atata?"

Tambala anaphiriphitha, Jeffrey n'kumugwira bwino.

A Mwakikunga anatsamiritsa goli pamtengo. "Nkhuku ndalandira, ndagha, zikomo. Koma misozi sinagwere pakhomo pano pokha. Kulira munthu wamoyo ndi malodza. Dzulo madzulo mayi wina atandiona panjira anataya ndowa n'kuthawa. Aliyense amene analira amve kuchokera pakamwa pa mwini wake kuti bodzali linachoka kuti. Nyumba ndi nyumba, wapansi. Pa foni ayi."

Ireen anaimirira n'kukutumula chitenje. "Tiyambira iti?"

"Inu khalani, madamu," anatero Bertha. "Dzuwali si lanu."

"Tinatumiza awiri."

Bertha anamuyang'ana kanthawi, kenako anamangitsa mbereko n'kutsogola kuti awalozere makomo.

Dzuwa la Okutobala linawaphika. Pa khomo loyamba Jeffrey anayamba kulongosola za linki ndi za intaneti, mayi wapakhomopo n'kumufunsa Bertha kuti kodi mwanayu akugulitsa chiyani. Ireen anamunong'oneza kuti anene mwachidule. Pa khomo lachiwiri anangoti, "Amayi, uthenga uja ndinalemba ndine, unali wabodza, ndalakwa." Mayiyo anamuuza kuti mpunga wake unadyedwa ndi nkhuku, ndiye amusenzere thumba lotsalalo mpaka m'nyumba. Anasenza. Kwina anamunyoza kuti sukulu inamulowa m'mutu n'kutulutsa nzeru. Kwina anamupatsa madzi. Mayi wa ndowa uja anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anatulutsa foni yake n'kuonetsa Ireen uthenga wonena kuti mwana wake wagonekedwa ku chipatala, ayankhe msanga. Ireen anamuuza aimbire mwanayo kaye. Mwanayo anayankha ali kumunda, ali bwinobwino.

Pobwerera, malaya a Jeffrey anali atamatirira kumsana, nsapato zake zaofesi zitayera ndi fumbi. Sanadandaule. Bertha anayenda kumbuyo kwake, akumuyang'ana mmene ankatsimphinira.

Atafika pa mango paja, anamasula mwana n'kumuika pa bere. Mwanayo anayamwa. Ndi dzanja linalo Bertha anasakasaka nambala ya abwana pafoni.

"Madamu, misampha yanuyo musasiye, akuba alipodi. Koma ya maliro, ya matenda, ya ana, ayi. Zimenezo muzibwera kudzatiuza pamaso."

"Zamveka," anatero Ireen. "Ndipo uthenga uliwonse ndiziyamba ndawerenga. Jeffrey abwera ku Uliwa Lolemba, akakhale nanu tsiku lonse."

Foni inalira kangapo, abwana n'kuyankha.

"Bwana, ndi Bertha. Mawa ndikutsegula. Ee. Mnyamatayo musiyeni, walipira ndi mapazi."