Chikasu M'maso

Komatu mankhwala sanadumphitsepo, zimenezo ndiye akanalumbira pamaso pa aliyense, ngakhale pamaso pa namwino uja amene anamuyang'anitsitsa m'maso, kenaka pamimba, n'kufunsa ndi ulemu woluma kuti, "Ma ARV aja mukumwabe, mayi?" Akumwa. Pa maliro akumwa, pa ukwati akumwa, ngakhale miyezi yoyamba ya pathupi pano pamene chilichonse chinkabwerera pakhosi — nanga chikasu chimenechi chachokera kuti?

Anali pa benchi m'khonde la chipatala, kathonje kali pa mkono pomwe anamutenga magazi, akudikira kuitanidwa. Sanayambe ndi iye kuona. Anayamba ndi kasitomala, m'mawa womwewo ku saluni yake, mayi wolongolola uja amene amabwera kudzalukitsa tsitsi. Maso awo anakumana pa galasi, mayiyo n'kudukiza nkhani pakati. "Asisi, maso anuwo bwanji?" Iye anaseka, nati ndi tulo chabe, koma zala zinaiwala pomwe zinalekezera kuluka, chifukwa m'galasimo munali munthu wachilendo wa maso ngati nthochi yakupsa, ndipo anakumbukira mkodzo wa masiku ano, woderako ngati tiyi wopanda mkaka, ndi kufooka kuja, ndi nseru imene ankangoikankhira kwa mwana wa m'mimba — wosalakwa, kubadwa sanabadwe koma akusenzetsedwa kale milandu.

Kapena ndi amuna ake. Ganizolo linalowa losagogoda, n'kudzipezera malo. Za kachilombo anamvera limodzi kalekale, m'kachipinda kamodzi, napangana kuti sadzafunsana kuti anabweretsa ndani, ndipo panganolo analisunga monga munthu amasungira bala pansi pa nsalu. Koma anamvapo ku sikelo kuti matenda ena a chiwindi amadzera njira yomweyo, ndiye foni ija imene masiku ano amaiika chozondotsa patebulo, sopo uja wa fungo lachilendo — ayi, ayi, munthu yemweyo ndi amene amamukumbutsa nthawi ya mankhwala, amene amamusisita mapazi akatupa, woipa mtima ndi iye mwini, wokhala pano n'kumaweruza mwamuna amene ali kuntchito osadziwa kalikonse. Komabe foniyo bwanji?

Atamuitana, analowa kwa dokotala.

Dokotala sanazungulire. "Ndi hepatitis E, mayi. Chiwindi chatupa."

"Andipatsira ndi amuna anga?"

"Ayi. Kawirikawiri amadzera m'madzi oipa. Koma popeza muli ndi pathupi, tikugonekani lero lomwe."

"Nanga mwanayu?"

"Tikhala tikumuyang'anira."

Kumuyang'anira. Sananene kuti ali bwino, akanafuna akanatero, mawu ake ndi aafupi kwambiri, koma anasankha enawo, ndipo powanena maso ake anali pa cholembera. Namwino anamutsogolera ku wodi, namuonetsa bedi la pakona, ndipo iye anagona chagada, singano ya diripi ikufufuza mtsempha, mtima utapepuka pang'ono za amuna ake — n'kulemeranso nthawi yomweyo, chifukwa ngati si iwo, watsala ndani?

Madzi. Mipopi itayamba kutulutsa mpweya wokhawokha, ndi iyeyo amene anapeza chitsime chija kuseri kwa galaja, iyeyo amene anauza mng'ono wake, amene amakhala nawo, kuti azitunga kumeneko, pafupi, posalimbirana. Ankati aziwiritsa, ankaterodi mumtima, koma magetsi kulibe, makala atha, kasitomala akudikira ndi tsitsi lomasula theka, ndipo madziwo ankaoneka oyera mbee, mpaka ankanyadira kuti ngozizira kuposa a pampopi. Iye amene sadumphitsa piritsi, amene anamvera lamulo lililonse mpaka mwana wake woyamba, kamtsikana kaja, kanabadwa kopanda kachilombo — wagwa ndi kapu ya madzi. Ndipo ndowa yaikulu ya kukhitchini anaidzaza dzulo lomweli, kuchokera pachitsime chomwecho.

Anafufuza foni ndi dzanja lopanda diripi. Inaitana, inaitana, asanayankhe mng'ono wakeyo.

"Achemwali, akuti bwanji kumeneko?"

"Mwana ali kuti?"

"Ali pompano. Wangobwera kosewera, thukuta lokhalokha."

Anatsegula pakamwa kuti amuchenjeze za madziwo, koma kuseri kwa kupuma kwa mng'ono wake, patali pang'ono, anamva chivundikiro cha ndowa chikukwekwereza, kapu ikumira kuti bwii, kenaka kakhosi kakang'ono kakumeza mwaphuma, kakumeza, kakumezabe.