Kachinayi Kayamwe Kaye

Alamu anga, amuna a mng'ono wanga, ndi makanika, ndipo kukiliniki yathu ya ziweto anali asanapondeko. Lachiwiri lija analowa atanyamula katoni mosamala ngati muli mazira.

"Alamu, taonani izi. Mayi wawo wafa dzulo kugalaja."

Munali tiana ta mphaka tinayi, takuda tonse, ta masabata ngati awiri. Ine sindine dokotala, ndimangothandizira, koma pa za timphaka manja angawa ndimawadalira. Ndinayala thaulo patebulo n'kuimbira Aphunzitsi, mayi wopuma ntchito amene amatilerera tamasiye totere kunyumba kwawo. Anati afika cha m'ma 11, ndipo wowanyamula pagalimoto sadikira munthu.

Poti timphakato tinali tofanana, ndinatidontheza utoto wa m'zikhadabo pakhutu, kalikonse mtundu wake. Kenako kamodzikamodzi: pasikelo, kukweza mlomo kuti ndione nkhama, kutsina khungu la pakhosi ngati likubwerera msanga, kupesa utitiri, kufufuza chipere. Titatu tinakhoza, kukuwa kwake ngati sitinadye chibadwire. Kachinayi kanali zii, kozizira, nkhama zotuwa, sikelo n'kungokanyoza.

"Mwatipatsa chiyani?" ndinafunsa.

"Mkaka wa mu tiyi wanga, pasupuni."

"Kozizira chonchi? Inu injini yozizira mumangoiponda moto? Kamwana kamafunditsidwa kaye, kudya pambuyo. Ndipo uyu si ng'ombe."

Anangokanda m'mutu.

Lamulo lathu ndi limodzi: kamphaka kosayamwa kokha sikatuluka pakhomo. Titatu tikanapita, iko n'kutsala m'khola lazitsulo. Totsala tokha ndationa kangapo tikungofooka, ngakhale utatiikira botolo la madzi ofunda. Zimenezo zimandiwawa mpaka lero.

Ndinakalowetsa m'bulauzi, pakhungu penipeni, n'kumagwira ntchito zina kali momwemo. Patatha ola kanafunda. Ndinakapaka madzi a shuga m'nkhama, ndinakasisita ndi mswachi wofewa monga limachitira lilime la mayi, mpaka kanalira. Ndinati basi zatheka. Koma nditabweretsa kabotolo ka mkaka wa amphaka, kanapotoza khosi. Ndinasintha kansonga koyamwira, ndinafunditsanso mkaka, ndinakanyengerera ndi mawu omwe sindinawauzepo ngakhale mwana wanga. Ayi ndithu.

Aphunzitsi anafika ndi dengu lawo, titatu n'kulowamo. Panja hutala inalira kawiri.

"Mwanawe, kameneka tikasiye?"

"Dikirani pang'ono, mayi," ndinatero, thukuta lili kamukamu, manyazi atandigwira.

"Tandipatseni," anatero alamu.

"Ndi manja a girisiwo?"

Anavula jekete lawo lantchito, analitembenuza n'kuliyala patebulo. Mkati mwake munali ubweya wakuda wokhawokha.

"Ndikalivula masana mayi wawo ankagonapo. Anaswera pomwepa."

Ndinakaika pamenepo. Kanafwenkha uku ndi uku, kanakwirira mphuno m'nsalumo, kenako timiyendo takutsogolo tinayamba kukanya ngati kali pamimba pa mayi wake. Apa sindinachite kuuzidwa. Ndinalowetsa kansonga chapansipansi, pakati pa jekete ndi kakamwa, osakanyamula. Kanagwira. Timakutu tinayamba kugwedera, ndipo amene walerapo timphaka amadziwa kuti makutu akamatero mkaka ukutsikadi. Kanamaliza muyezo wake wonse, kamimba tswii.

Ndinalemba pakhadi kuti kayamwa kokha, kadye maola awiri alionse, kayezedwe m'mawa uliwonse.

"Jeketeli likupita nafe, bambo," anatero Aphunzitsi, akulipinda kale.

Alamu ananyamula dengu mpaka pagalimoto. Atabwerera anaima pasinki atangotsala ndi vesiti, akusamba m'manja osamaliza.

"Alamu," anatero osandiyang'ana, "galimoto imene inaponda mayi wawo ndinkabweza ndine. Tsiku lililonse ndimasuzumira kaye pansi chifukwa cha iyeyo. Dzulo ndinafulumira."

Ndawadziwa zaka khumi ndipo ndinali ndisanawaonepo akulira. Ndinatseka mpope n'kuwapatsa thaulo.

"Loweruka timphaka tija tikubweranso kudzayezedwa," ndinawauza. "Mubwere mudzatigwire nokha. Tonse tinayi."