Chikho Chotsala ku Yofu

Moni nonse owerenga, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndikuyamika Mulungu amene watisunga mpaka lero, ndikuthokozanso inu potchera khutu.

A Bartholomew, msodzi wa ku Yofu pachilumba, anali atatha miyezi khumi ndi inayi osalawa kachasu. Tsiku limene anasiya, akazi awo a Muriel anali atamanga kale katundu kuti abwerere kwawo ku Khuyu. "Mukadzangolawanso, bambo a Caleb, mudzapeza nyumba ilibe munthu," anawauza. Mtolowo sanaumasule, unkakhalabe pamwamba pa kabati.

Ansembe a tchalitchi cha pamalopo ankazidziwa zonsezi. Anawalola kutumikira paguwa, ndipo pa Mgonero ankawapatsa mkate wokha, chikho n'kuwalambalala mwakachetechete. Mumpingo ambiri ankati bamboyo ludzu lija linawathera kalekale, ndipo iwo ankasangalala kuti anthu akuganiza choncho.

Lamulungu lina ansembewo anali atakwera sitima kupita kumtunda, ndipo kunabwera mlendo, Bambo Augustine. Anadalitsa vinyo wa anthu ambiri, osadziwa kuti theka la mpingo lapita kumaliro. A Bartholomew analandira mkate, chikho n'kuwadutsa bwino, pakuti anapinda manja pachifuwa ndipo mlendoyo sanafunse. Koma onse atalandira, vinyo anali akadali wambiri. Vinyo wodalitsidwa satayidwa, sabwezedwanso m'botolo. Amamwedwa pomwepo.

"Akulu, tithandizane," Bambo Augustine ananong'oneza a Bartholomew. "Ndili ndi Misa ina ku Chipyela, ndipo ndiyenda pansi. Imwaniko theka."

Asanayankhe, chikho chinali m'manja mwawo.

Fungo linakwera m'mphuno, malovu n'kudzaza mkamwa. Mumtima munayamba mawu okoma: awa ndi magazi a Ambuye, si mowa, ungakane bwanji Ambuye? Chowaopsa kwambiri chinali chakuti mawuwo ankamveka oyera. Koma iwo ankalidziwa lilime lawo. Likanangonyowa, mapazi sakanalowera kunyumba. Akanakhotera kuseri kwa mlambe, kumene a Davis amagulitsa kachasu.

Anasuzumira kumbali ya azimayi. A Muriel anali atasiya kuimba, buku lili lotseguka pamiyendo.

Manja a Bartholomew anagwiritsitsa chikho chija. Kumwa kunali imfa, kutaya pansi kunali tchimo, ndipo manjawo ankakana kubweza. "Yesu wanga," ananong'ona, "ine ndalephera. Gwirani ndinu."

Pamenepo nyimbo inatha, m'tchalitchi munati zii.

"Bambo," anatero, mawu akutuluka mokweza kuposa mmene anafunira, "ndilandeni chikhochi. Ine ndine chidakwa. Ndikuchifuna kwambiri. Ndilandeni msanga, pandekha sinditha kukubwezerani."

Mpingo wonse unamva. Ulemu umene anaumanga miyezi yonseyi unagwera pansi pamaso pa ana ndi apongozi omwe.

Bambo Augustine anaika manja awo pamwamba pa manja a Bartholomew, namasula zala chimodzichimodzi. "Pepani, akulu, sindinadziwe," anatero. Kenako anayang'ana mpingo, akusowa chochita.

Mayi Constance, okalamba amene amatsuka nsalu za paguwa, anadzuka ndi ndodo yawo. "Bweretsani kuno, Bambo. Ifenso tili ndi pakamwa. Mwana uyu musiyeni agwade." Pambuyo pawo anaimirira ena anayi, ndipo chikho chinatha.

Potuluka, a Bartholomew sanadzutse mutu. Fungo lija linali lidakali m'zala zawo, ndipo njira ya kwawo imadutsa pafupi ndi mlambe uja. Anaima pakhomo la tchalitchi, thukuta lili kamukamu.

"Amake Caleb, ndikuopa. Ndekha sindidutsa paja."

"Ndani wati mudutsa nokha?" anayankha a Muriel, nawagwira dzanja anthu akuona.

Pamlambe a Davis anakuwa, "A Batu! Lero mwanunkhizako, bwerani mudzamalizire!"

"Malizani nokha, a Davis," anatero a Muriel osacheuka. A Bartholomew anatseka maso, natchula dzina la Yesu pa phazi lililonse mpaka pakhomo.

Atalowa, a Muriel anakwera pampando, natsitsa mtolo uja, nayamba kumasula mfundo zake.

Inunso amene manja anu akukana kubweza chikho lero, Ambuye wamphamvu zonse akugwireni pamene mwalefuka, akutumizireni anthu oima nanu, ndipo akufikitseni kwanu mumtendere. Amen.