Edwadi Ankadya, Nkhuku Zikunenepa

Mwana wanga Edwadi ankadya ngati munthu wochokera kumunda, koma timiyendo take tinali ngati bango. Chaka chinatha, china n'kufika pakati, iye osaimirira. Masiku amenewo anthu ankangokamba ndale za Chitaganya, ine yanga nkhani inali mwanayu basi.

Sindinkamumana ayi. Khobwe ndinkamugawira. Chimanga chokazinga akachilirira ndinkamupatsa. Matemba amene bambo ake, a Makisoni, ankabwera nawo kuchokera ku chilumba cha Chisi ankawameza ndi mitu yomwe.

Pamudzi aliyense anasanduka dokotala. Azakhali anga, a Dailesi, anati ndi tsempho.

"Mwamuna wakoyo ku Chisi amakasodza nsomba zokha? Umufunse bwino."

A Makisoni atamva analusa. "Azakhali akowo andileke! Mwanayu watengera kwanu, nonse ndinu owonda."

Mizu ya azakhali ndinamumwetsa, mkuzi ndinamumanga m'chiuno, koma palibe chinasintha.

Zimene zinanditopetsa kwenikweni ndi nkhuku. Edwadi akangokwawira kuseri kwa nyumba kukadzithandiza, zonse pambuyo pake. Tsiku lina ndinakasuzumira chimene zinkalimbirana. Khobwe wathunthu, chimanga chathunthu, monga mmene ndinamupatsira dzulo lake! Ndinabereka mwana, osatsanzika munthu, ulendo wa kuchipatala cha mishoni.

Namwino wa kumeneko, a Rhoda, anamuyang'ana m'maso ndi m'kamwa, n'kumugwira pamimba. Nditawafotokozera zimene amadya ndi za kuseri zija, anaseka.

"Ndiye kuti mukuweta nkhuku, amake mwana."

"Musandiseke, ndayenda mtunda. Sukulu ndinalekera panjira, nenani zomveka."

"Chabwino. Mphale yosasinja ingadutse pa sefa?"

"Ingadutse bwanji?"

"Thupinso ndi choncho. Mano ndiwo musi, malovu amafewetsa. Chakudya chikatsika kummero chimafika m'chifu, mmene madzi owawasa amachisungunula mpaka chikhale ngati phala. Kenako chimalowa m'matumbo aang'ono. Mmenemo ndulu ndi madzi ena amamaliza kuchigaya, ndipo zabwino zake zimayamwidwa n'kulowa m'magazi. Chalowa m'magazicho ndicho chimamanga miyendo. Khobwe wosatafuna, ndi khungu lake lolimba lija, amangodutsa."

"Nanga tsempho akunena kwathu?"

"Za ku Chisi ine sindizidziwa. Ndikuona za m'kamwamu: timano takutsogolo tokha, otafunira mulibe. Mtondo wanu ukhale mano ake. Bere musamuchotse, ndipo muzimudyetsa pang'onopang'ono koma kangapo pa tsiku."

Nditabwerera ndinayamba kusinja matemba owuma mpaka asanduke ufa. Ndinkauthira m'phala pamodzi ndi nsinjiro. Khobwe ndinkamuchotsa makungu n'kuphika chipere. Ntchito inachuluka, pakamwa pa anthu napo sipanapume.

"Nsomba zanga ukuzisandutsa fumbi?" anatero a Makisoni.

"Mukafuna muzimutafunira ndinu, bambo ake Edwadi. Mano muli nawo ambiri."

Azakhali ankadutsa akupukusa mutu. "Ife tinakula popanda zimenezo."

"Amene sanakule sangatiuze, azakhali."

Sanandiyankhule mpaka Lamulungu.

Masaya anayamba kubwera, kenako matako. Pofika nthawi yodula mpunga, tili m'dambo, Edwadi anagwira nsalu yanga n'kuimirira. Anaitaya, nayenda yekha dzandidzandi mpaka pa chipanda cha thobwa cha azakhali, n'kuchigubuduza chonse.

"Ehe! Mwaona mizu yanga?" anakuwa azakhali, thobwa likuyenderera kumapazi.

Sindinatsutse. Ndinali nditatopa, komanso mwana wanga anali kuyenda.

Amayi anzanga, kukhuta kwa mwana si kudya ayi. Chakudya chimagwira ntchito chikagayika n'kulowa m'magazi. Mwana wopanda mano otafunira, musinjireni, muphwanyireni, mufewetsereni. Mukaona chakudya chikutuluka mmene chinalowera, kapena mwana akuwonda chidyere, musataye nthawi kulozana zala. Pitani naye kuchipatala.