Nyama Yopanda Fupa

A Zondwayo Shaba atagwa ndi sitiroko, dzanja lamanja linafooka, pakamwa panapindika, mawu n'kuwathawa. Kuchipatala ku Mzimba boma, namwino anaitanira pambali mkazi wawo Felesta, mphunzitsi wa ku Dedza amene ntchito inamuponya ku Champhira n'kukwatiwa komweko.

"Mayi, bambowa bipi yawo ndi yokwera kwambiri. Nyama yonona ayambe aileka. Muziwapatsa nyemba, nsomba, nyama ya soya. Soyayo zomanga thupi zilimo zambiri, mafuta ndi ochepa. Koma kapaketi kokometsera kam'katimo muzitaya, n'kamchere wokhawokha."

Felesta ndi munthu womvera, mwina mopyola muyeso. Akaweruka kusukulu ankaviika soya m'madzi otentha, kufinya, kukazinga ndi tomato ndi anyezi, kutaya kapaketi kaja, kudyetsa amuna ake ndi sipuni, kuwapukuta kukamwa. Mawa lake chimodzimodzi. Misozi inamuthera mwezi woyamba, ndipo kuyambira pamenepo sankamvanso chisoni kapena chimwemwe, ankangogwira ntchito. Bipi inatsika. A Shaba anayamba kufika pakhomo ndi ndodo. Chimene Felesta ankadikira tsopano chinali chimodzi, choti amve mawu awo.

Koma a Shaba ndi a ku Edingeni, anthu amene mwana amabadwa akumva fungo la khola. Loweruka lina mlongo wawo wamkulu, a Fyness, anatulukira ndi mng'ono wa a Shaba, Gregory, pagalimoto yahayala. Moni asanathe, a Fyness anali atavundukula kale poto.

"Ichi n'chiyani, mulamu?"

"Nyama ya soya, alamu."

"Nyama? Fupa lake lili kuti? Inaphedwa kuti?" Anatola kachidutswa n'kukafinya ngati siponji yotsukira mbale. "Ise tinatulutsa ng'ombe m'khola kuti mubwere pano, mbwenu inu mukumudyetsa mudumbu wanga matiresi? Waonda chomene."

"Achepa thupi chifukwa adokotala anafuna choncho. Bipi yatsika, kabuku kakuchipatala kalipo."

Gregory anakhosomola, maso ali pansi. "Alamu, musatimve molakwa. Akuluakulu kumudzi akhala pansi. Akuti munthu akadwala amadwalira kwawo. Tabwera kudzawatenga."

Kwawo kwa Felesta, mwamuna ndiye amakhala kuchikamwini, ndipo mlamu sangalowe m'nyumba mwako n'kunyamula munthu ngati thumba la chimanga. Kuno ng'ombe zikapita, mawu amatsala kuchimuna. Zimenezi ankazidziwa kuyambira tsiku laukwati, kungoti zinali zisanamugwerepo.

"Mukawapatsa zonona adzagwanso," anatero Felesta. "Kachiwiri sadzadzuka. Ndapota nanu." Mawu ake anatuluka osalala ngati akuwerenga mayina m'kalasi. Iye mwini anadabwa kuti mtima sukugunda mothamanga.

"Tiyeni timufunse mwini wake," anatero a Fyness.

"Salankhula."

"Kwa inu."

A Fyness anamasula mpango, n'kutulutsa kontena ya nyama yang'ombe yootcha, mafuta ali chezichezi. Fungo linadzaza pabalaza. Anagwada pafupi ndi mpando wa mlongo wawo, n'kuyika kontenayo pambali pa mbale ya soya.

"Zondwayo, dada, ukukhumba vichi?" anawafunsa chimene akufuna, m'chilankhulo chakwawo.

A Shaba anayang'ana mbale, anayang'ana kontena. Mlomo unanjenjemera, dovu likutsikira pachibwano. Felesta anatenga kansalu kuti awapukute monga mwa masiku onse, koma dzanja linaima m'malere, chifukwa kukhosi kwa amuna ake kunkatuluka kanthu.

"Nkhu... nkhukhumba nyama."

Mawu athunthu, omveka bwino, oyamba chigwereni. A Fyness analulutira. Gregory anatuluka kukauza dalaivala kuti abweze galimoto kufupi ndi khonde.

Felesta analowa kuchipinda. Anapinda malaya, mabulangete awiri, jekete lakutchalitchi. Anaika mankhwala m'kajumbo n'kufotokozera Gregory kuti oyera ndi am'mawa, ofiira ndi amadzulo. Gregory ankangoti yewo, yewo, maso ali kugalimoto.

Powakweza, a Shaba anali akutafuna, mafuta akuyenderera m'mbali mwa pakamwa popindika paja. Nkhope yawo inali yowala kuposa miyezi yonse imene Felesta anawasamala. Anawagwira dzanja lofooka lija.

"A Shaba, nanenso ndiuzeniko kanthu."

Iwo anamuyang'ana, nameza, n'kutambasulira dzanja lamanzere kukontena.