Khola Lopanda Mpata

Pofika tsiku lachitatu, diso la Mawanga linali litatsekekeratu. Chikope chinatupa ngati nyemba yogona m'madzi, manthongo ali mbuu. Nkhuku zina zinayi zinkayetsemula n'kumadzikanda kumaso.

Mawanga sinali nkhuku wamba. Inali yotsala yokha mwa nkhuku zimene malemu akazi a Kalipentala anasiya. Mayiwo ali moyo ankadandaula kuti mphepo ikuwathera anapiye. Atamwalira, a Kalipentala anamanga khola latsopano kuseri kwa nyumba. Thabwa lililonse analipala n'kulilumikiza ndi linzake, moti ngakhale singano sikanapeza polowera. Anthu ankaima pampanda kulisirira.

"Bambo, nkhukuyi tingoipha isanapatsire zinzake," anatero mwana wawo wamkazi.

"Ayi."

"Ndiye tiitane alangizi a ziweto."

"Khola langa lilibe vuto."

"Ndatchula khola ine?"

Aneba, amene ankamvetsera ali kuseri kwa mpanda, anasuzumira.

"Achimwene, ithireni madzi a tsabola m'disomo. Mawa idzuka ikuwerenga nyuzipepala!"

"Yambani kuthira m'diso lanu," anatero a Kalipentala, n'kubwerera ku ntchito yawo.

Mwanayo sanadikirenso chilolezo. M'mawa mwake, khola lisanatsegulidwe, alangizi anafika pa njinga. Anali mayi wamfupi, wovala majombo. Anazungulira khola lonse akusisita matabwa.

"Wamanga ndani?"

"Ine."

"Luso lilipo. Nanga windo lili mbali iti?"

"Windo ndi la anthu."

Alangizi anaseka. "Chabwino, bambo. Tsegulani, mugwade, mulowetse mutu. Mphuno yanu ifike pamene pamakhala mphuno ya nkhuku. Ndiwerenga mpaka khumi."

A Kalipentala anayang'ana mwana wawo, anayang'ana aneba pampanda, kenako anagwada. Alangizi asanafike pa zisanu ndi chimodzi, iwo anatulutsa mutu akutsokomola. Maso anali psuu, misozi ili chuchuchu.

Mwanayo anagwira pakamwa. Ngakhale pa maliro a amayi ake sanaone msozi wa bambo akewo.

"Inu mwalephera kufika pa khumi," anatero alangizi. "Nkhukuzi zimagona momwemo tsiku ndi tsiku. Zitosi zikanyowa zimatulutsa mpweya wowawa. Ukasowa potulukira umaotcha maso ndi mphuno. Nkhuku ikafooka chonchi, chimfine chimalowa mosavuta, ndipo chimafala pa chomwera chimodzi."

Anainyamula Mawanga, naiyang'ana kumaso ndi m'kamwa.

"Diso la nkhuku limatupa pa zifukwa zingapo. Mwina zajomphana, mwina fumbi. Mwina nthomba, koma imeneyo imabwera ndi tizilonda takuda kumaso, ndipo apa palibe. Nthawi zina n'kusowa masamba obiriwira. Iyi ikuyetsemula, mphuno zikuchucha. Ndi chimfine, ndipo chapeza khomo chifukwa cha mpweyawu."

"Ichira?" anafunsa a Kalipentala.

"Mukachita zimene ndinene. Zodwala zonse muzipatule, zikhale ndi chomwera chawochawo. Wiritsani madzi, azizire, muthiremo theka la kasupuni ka mchere pa kapu imodzi. Muzipukuta nawo diso kawiri pa tsiku, kansalu koyera, nkhuku iliyonse kake. Mankhwala awa muzisungunula m'madzi akumwa monga ndalembera, mpaka masiku onse akwane, ngakhale zioneke ngati zachira. Mazira musadye kufikira tsiku ndalemba apali. Za tsabola, palafini kapena mapilisi otsala a anthu, ayi."

Mutu wa aneba unatsika pang'onopang'ono kuseri kwa mpanda.

"Komanso nkhuku yachilendo isamalowe m'khola isanakhale payokha milungu itatu. Koma bambo, mankhwala okha sakwanira. Kholali lifunika lipume."

Alangizi atapita, a Kalipentala anaima nthawi yaitali akuyang'ana matabwa awo. Mwanayo anayandikira.

"Amayi ankaopa mphepo, bambo. Sankati nkhuku zisamapume."

A Kalipentala anatembenuka. Analowa m'shedi, natuluka ndi sowo, tepi ndi pensulo kukhutu. Anayeza m'mwamba, pansi pa denga, pamene mphepo singawombe nkhuku zikagona. Sowo italuma thabwa loyamba anatsinzina pang'ono, koma dzanja silinaime. Pofika masana panali mawindo awiri oyang'anizana, otchinga ndi waya kuti makoswe asalowe. Anapala zitosi zonse, natsuka zomwera, nayala zopala za matabwa zouma.

M'mawa ndi madzulo ankakhala pa benchi, Mawanga ili pamwendo, akuipukuta diso ndi zala zawo zokhakhalazo mofatsa ngati akupaka vanishi. Pa tsiku lachinayi chikope chinayamba kuphwa. Pa lachisanu ndi chiwiri diso linatseguka, ndipo Mawanga inawajompha chala.

"Yachira," anatero. Tsiku limenelo mwana wawo anawamva akuimba mluzu m'shedi.

Sipanafe nkhuku ngakhale imodzi. Patatha miyezi iwiri Mawanga inkayenda pabwalo ndi anapiye asanu ndi anayi. Alangizi podutsa anajambula mawindo aja pa foni kuti azikaonetsa alimi ena.

Kenako tsiku lina aneba anabwera atakhumbatira tambala wotupa diso.

"Achimwene, ndithandizeni. Tsabola uja sindinathire, ndikulumbira."

"Muimire kunja kwa mpanda ndi tambala wanuyo," anatero a Kalipentala. Anatenga sowo, napita nawo kunyumba kwa anebawo, naloza chitseko cha khola. "Gwadani."

"Pa msinkhu wanga uno?"

"Ndiwerenga mpaka khumi."

Aneba anafika pa zinayi.

Diso la nkhuku likatupa, musathiremo zilizonse zimene mwamva. Patulani yodwala, itsukeni diso ndi madzi owiritsa a mchere pang'ono, ndipo itanani alangizi a ziweto msanga kuti aone chimene chayambitsa. Khola likhale louma, laukhondo ndi lopita mpweya. Ngati maso anu sangapirire m'khola lanu, a nkhuku zanunso sangapirire.