Nkhope ya Maria imene ndinaikwecha ndi phulusa

Ndinalota ndili m'tchalitchi chathu, nditanyamula chithunzi chija cha Maria atafukata mtembo wa Yesu, chachitsulo chokutidwa ndi utoto wowala ngati galasi, chimene ansembe anabwera nacho kuchokera ku Ulaya. Chinali chozizira koma chimandiwotcha zala. Chovala cha Maria chinayamba kusungunuka n'kumandidonthera kumapazi.

Maria analibe nkhope. Ndinaifufuta ndine kalekale, pokwecha chithunzicho ndi phulusa ndi mchenga monga timachitira ndi mbale zachitsulo. Palibe anandiuza kuti chimangofuna kansalu kofewa.

Kenaka Bambo Mfumu analowa, mutu ukugunda denga, n'kubwereza mawu a tsiku lija: "Mayi Nachisale, mwawononga chinthu chakale kuposa mudzi wanu wonse!" Ndinati ndiyankhe, koma m'kamwa munadzaza phulusa. Pomwepo Maria anandigwira dzanja, nati, "Achemwali, ndikwecheninso, kumsanaku simunafike."

Ndinadzuka lilime lili gwa. Kaya Maria anandikhululukira, kaya amandinyodola, sindikudziwa. Tchalitchi chimenecho ndinachisesa mpaka msana kupindika, koma dzina langa mpaka lero ndi "mayi uja anafufuta Maria."